Kuchepetsa Kutentha kwa Khadi la GPU Logwira Ntchito za Folding@home ndi BOINC

Masewera a pa kompyuta amalemetsa khadi la GPU, lomwe ndi chipangizo chojambula zithunzi za pa sikirini ndi kuchita mawerengedwe ambiri nthawi imodzi, mwa apo ndi apo, ndipo wosewerayo akatopa khadilo limapuma. Ntchito za sayansi zimene amazigawa ku makompyuta a anthu ongodzipereka sizipereka mpata wotere. Folding@home, yomwe Vijay Pande anaiyambitsa ku yunivesite ya Stanford mu 2000 pofufuza mmene mapuloteni amapindikira, komanso mapulojekiti oyendera pa pulogalamu yogawira ntchito zoterezi ya BOINC ya ku yunivesite ya California ku Berkeley monga Einstein@Home ndi PrimeGrid, amatumiza ntchito yatsopano ina ikangotha, moti khadi limakoka magetsi ochuluka usana ndi usiku kwa milungu yambiri.

Magetsi onse amene khadi limadya amasanduka kutentha. Khadi la RTX 3080 la kampani ya NVIDIA lili ndi malire a mawati 320, ndipo likagwira ntchito pa malirewo tsiku lathunthu limadya mayuniti pafupifupi 7.7, onsewo n'kutuluka ngati mpweya wotentha. Mafani sachepetsa kutenthaku, amangokusamutsa kuchoka pa khadi kupita m'bokosi la kompyuta, kenako m'chipinda. N'chifukwa chake kukonza kuyenera kuyambira pa mawati, mafani n'kubwera pambuyo, ngakhale kuti anthu ambiri amayambira kumapetoko chifukwa phokoso la fani limawatsimikizira kuti achitapo kanthu.

Musanasinthe chilichonse, siyani khadi ligwire ntchito yake yeniyeni kwa theka la ola, kenako tsegulani pulogalamu ya GPU-Z kapena ya HWiNFO ndi kulemba manambala atatu: kutentha kwa chip chonse (kachipangizo ka pakati pa khadi kamene kamachita mawerengedwe), kwa malo otentha kwambiri pa chip amene mapulogalamuwa amawatchula kuti Hot Spot, ndi kwa memory ngati khadi lanu limakusonyeza. Makhadi ambiri a NVIDIA amayesetsa kusapitirira madigiri 83 a Celsius, pomwe memory ya mtundu wa GDDR6X, imene ili mu RTX 3080, imayamba kudzichepetsa liwiro ikafika pa 110, ndipo AMD imatchula 110 yomweyo ngati malire a Hot Spot pa makhadi ake ambiri a Radeon. Amenewa ndi malire odzitetezera, osati malo oti khadi lizikhalapo miyezi. Pa ntchito yosalekeza, ine ndimaona kuti ndi bwino chip chizikhala pansi pa madigiri 75 ndipo memory isamapitirire 95. Lembaninso nthawi imene ntchito imodzi ikutenga, yomwe pa BOINC imaoneka pa mndandanda wa ntchito ndipo pa Folding@home mungaidziwe poona TPF, yomwe ndi nthawi imene kagawo kamodzi ka ntchitoyo kakutenga, chifukwa ndi nambala imeneyi imene idzakuuzeni zimene mwataya posinthanitsa ndi kuzizirako.

Tsopano tsitsani malire a magetsi. Pa Windows, pulogalamu ya Afterburner ya kampani ya MSI imagwira ntchito ngakhale pa makhadi a makampani ena, ndipo chofunika n'kungokokera Power Limit pakati pa 70 ndi 80 peresenti. Eni makhadi a Radeon amapeza zofanana ndi zimenezi mu AMD Software Adrenalin Edition. Pa makhadi a NVIDIA mungagwiritsenso ntchito lamulo lolemba: nvidia-smi -q -d POWER limasonyeza mawati otsikitsitsa ndi okwezetsa amene khadilo limalola, ndipo nvidia-smi -pl 240, lolembedwa ndi ufulu wa administrator kapena root, limaika malire pa mawati 240. Ngati makhadi alipo awiri, onjezerani -i 0 kapena -i 1 posankha limene mukulisintha.

Njira imeneyi imapindula chifukwa cha mmene chip chimadyera magetsi. Kuti chifike pa liwiro lake lomaliza chimafuna voteji yokwera, ndipo magetsi amene chimadya sakwera mofanana ndi votejiyo koma ndi voteji yochulukitsidwa ndi iyo yomwe, kotero kuti liwiro lochepa la pamwamba penipeni ndi limene limadula kuposa lonse. Mukachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a magetsi, ntchito imene imatayika imakhala yochepa kwambiri poyerekeza ndi gawolo. Kutsitsa RTX 3080 kuchoka pa 320 kufika pa 240 kumapulumutsa mayuniti pafupifupi 2 patsiku, zomwe munthu wogula magetsi olipiriratu amaziona pa mita mwezi usanathe. Tsitsani pang'onopang'ono, mawati 20 nthawi iliyonse, n'kumayerekeza nthawi ya ntchito za pulojekiti imodzimodzi, ndipo muime pamene kuchedwako kwayamba kukula kuposa kuzizira kumene mukupeza.

Ofuna kupitirira pamenepa angathe kutsitsa voteji yeniyeniyo. Mu Afterburner, kudina Ctrl ndi F kumatsegula mzere wa madontho osonyeza liwiro la chip pa voteji iliyonse. Mumasankha dontho limodzi, mwachitsanzo la 850 mV, n'kulikweza kufika pa liwiro limene mukufuna, kenako n'kusalaza madontho onse a kumanja kwake kuti khadi lisakwerenso kupitirira pamenepo. Apa m'pofunika kusamala kuposa mmene osewera magemu amasamalira. Khadi losowa voteji likalakwitsa m'masewera, nthawi zina chithunzi chimangophethira n'kupitiriza, koma likalakwitsa pa mawerengedwe a sayansi ntchito yonseyo imatayidwa n'kutumizidwanso kwa munthu wina. Choncho kwa masiku angapo otsatira muziona tsamba la akaunti yanu pa pulojekiti ya BOINC ngati pali ntchito zolembedwa Invalid kapena Error, kapena log ya Folding@home ngati muli mawu akuti BAD_WORK_UNIT, ndipo mukaziona tsitsani liwirolo pang'ono.

Za mafani n'zachidule. Akonzeni kuti azizungulira mokhazikika pakati pa 60 ndi 70 peresenti khadi likakhala pa ntchito, chifukwa kuwasiya pa 100 mwezi wonse kumatha mabering'i awo msanga.

Kuti mudziwe ngati vuto lili m'bokosi la kompyuta, chotsani chitseko cha m'mbali khadi likugwira ntchito ndipo mudikire mphindi khumi. Kutentha kukatsika ndi madigiri angapo, ndiye kuti mpweya sukuyenda bwino, ndipo pakufunika fani yolowetsa mpweya kutsogolo ndi ina yotulutsa kumbuyo kapena pamwamba. Makhadi awiri asagundane, chifukwa la pamwamba limakoka mpweya umene la pansi latenthetsa kale. Siyani mpata pakati pawo, ndipo la pamwambalo mulitsitsire mawati kwambiri. Fumbi limamatirira pakati pa timapepala ta chitsulo toziziritsira mpaka kukhala ngati bulangete, makamaka m'chilimwe ndiponso kompyuta ikakhala pansi, kotero ikwezeni patebulo. Poyeretsa, zimitsani kompyuta, zulani chingwe ku khoma, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, kenako uzirani fumbilo ndi chopopera mpweya. Kumbukiraninso kuti chipinda chikatentha ndi digiri imodzi, khadi nalo limakwera pafupifupi digiri imodzi, moti malire amene anali okwanira mu Juni sangakwanire masana a Okutobala m'nyumba ya malata yopanda siling'i.

Kutsegula khadi lenilenilo kukhale komaliza, ndipo muyambe mwawerenga zimene waranti yake ikunena. Chizindikiro chakuti thermal paste, phala lopakidwa pakati pa chip ndi chitsulo choziziritsira, yauma kapena yasuntha ndi pamene Hot Spot yaposa kutentha kwa chip chonse ndi madigiri opitirira 20. Pukutani yakaleyo ndi isopropyl alcohol n'kupaka yatsopano mokuta chip chonse. Ngati mukusinthanso ma thermal pad, timapepala tofewa tochotsa kutentha pa memory, gulani a makulidwe enieni amene khadilo linabwera nawo, chifukwa okhuthala kwambiri amanyamula chitsulo choziziritsira kuchoka pa chip, memory n'kuzizira koma chip n'kutentha kuposa kale.

Ngati zonsezi sizikukwanirabe, chepetsani maola. BOINC Manager imalola kuika nthawi yoyambira ndi yomalizira tsiku lililonse, moti khadi lingathe kumagwira ntchito usiku wokha, ndipo pa Windows pulogalamu ya TThrottle imachedwetsa ntchito za BOINC kutentha kukadutsa nambala imene mwaika. Pa Folding@home ndi bwino kusankha Finish m'malo moimitsa ntchito pakati, popeza ntchito iliyonse ili ndi nthawi yake yobwezera ndipo mapointi amene ongodzipereka amapatsidwa amachuluka ikabwezedwa msanga.

Malire oikidwa ndi nvidia-smi amafufutika kompyuta ikazima, kotero magetsi akathima n'kuyakanso inu mulibe, khadi limabwerera ku mawati ake onse pomwe pulogalamu ya ntchitoyo yadziyambitsa yokha. Mu Afterburner sungani zimene mwasintha ndi kuyatsa batani loti zizigwira ntchito Windows ikamayamba, ndipo pa Linux ikani lamulo lija la nvidia-smi -pl mu sevisi ya systemd (pulogalamu yoyambitsa mapulogalamu ena kompyuta ikamayaka) yoyamba BOINC kapena Folding@home isanayambe. Mukatero zimitsani kompyuta dala, iyatseninso, ndipo lembani nvidia-smi kuti muone ngati malire akusonyezabe 240.