Tsitsi likauma chifukwa cha bulichi

Amayi ndi atsikana anzanga kuno ku Mangochi, ngati munathira bulichi ndipo tsitsi layamba kuduka, louma ngati udzu wa mu Okutobala, yesani izi musanakataye ndalama kusaluni.

Usiku pakani mafuta a kokonati, makamaka kunsonga, mumange duku, m'mawa muchape. Kamodzi pa sabata n'kokwanira. Bulichi amatsegula chikhungu chakunja cha tsitsi, ndiye chinyezi chimathawa msanga. Kokonati amalowa mpaka mkati mwa tsitsilo, pomwe Vaseline amangokhala pamwamba.

Dzuwa lathu lino limawonjezera kufwifwitsa, choncho popita kumsika kapena kunyanja musaiwale mpango. Musanalowe m'madamu osambira a kumahotela, yambani mwanyowetsa tsitsi ndi madzi a pampopi, likakhuta silimwa klorini wambiri, mankhwala amene amathira m'madamumo.

Likayamba kuoneka lachikasu, shampu ya pepo imachepetsa chikasucho. Musaisiye nthawi yaitali kuposa yolembedwa pabotolo.

Koma chonde, mankhwala owongola tsitsi musawayandikize pamene pali bulichi. Awiriwa akakumana, tsitsi limathothokera m'manja. Nsonga zong'ambika palibe mafuta angazilumikize, ingodulani ndi sizasi.