Kusankha Patani ya Zovala za Sewero la Mbiri Yakale

Tsiku la 15 Januwale likamayandikira, magulu a zisudzo a m'masukulu ndi m'mipingo kuno ku Zomba amayamba kufunafuna zovala zoti achitire sewero la John Chilembwe ndi kuukira kwa mu 1915. Ambiri amathamangira pa kaunjika n'kugula jekete lililonse looneka lakutha. Koma chovala chakutha ndi chovala chakale n'zosiyana, ndipo chimene chimazisiyanitsa ndi kadulidwe kake. N'chifukwa chake musanasankhe patani muyenera kudziwa chaka chimene nkhaniyo inachitika, komanso kuti wovalayo anali munthu wotani pa nthawiyo.

Yambani ndi zithunzi. Ku National Archives of Malawi, mumzinda momwe muno, kumasungidwa zolemba ndi mabuku a nthawi ya Nyasaland, ndipo m'mabuku ena otere muli zithunzi zimene mungapite nazo kwa telala. Chithunzi cha Chilembwe cha pa ndalama ya K2000 sichikwanira chifukwa chimathera pachifuwa. Funani chosonyeza thupi lonse, ndipo muone pamene thalauza likuthera, kutalika kwa jekete ndi kaimidwe ka kolala. Thalauza la masiku amenewo linkafika pamwamba pa mchombo ndipo linkatsekedwa ndi mabatani, pakuti zipi inayamba kufala pa zovala cha m'ma 1930. Choncho ngati mukugwiritsa ntchito patani ya thalauza lamakono, ikwezeni m'chiuno ndipo zipi muichotseretu.

Madiresi a amayi a pa misoni ya Chilembwe ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, anali ofika m'mapazi, a manja aatali ndiponso otseka khosi. Apa mpofunika kusamala ndi mapatani a pa intaneti. Ambiri mwa iwo anajambulidwa motsatira madona a ku Ulaya amene ankavala chomanga mimba cholimba mkati mwa diresi, moti m'chiuno amakhala othina kwambiri, ndipo miyeso yake kawirikawiri imakhala m'mainchesi. Muyezeni wosewerayo ndi tepi, mutsatire thupi lake osati nambala yolembedwa pa patani.

Zovala za asilikali a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo chipilala chake chili kuno ku Zomba, n'zosavuta kudula koma n'zosavutanso kulakwitsa. Pamafunika nsalu ya khaki yathonje yolimba, kabudula wotakasuka wofika m'mawondo, ndi nsalu zazitali zokulunga kuchokera pa akakolo mpaka m'munsi mwa bondo. Chisoti cha pa perete cha asilikali a ku Nyasaland chinali chakuda, chachitali, chopanda mlomo. Yunifolomu yamawangamawanga ilibe malo m'sewero la 1915, ngakhale itapezeka yotsika mtengo bwanji.

Komabe anthu ambiri a m'midzi ya nthawi imeneyo sankavala zosoka ayi. Amayi ankavala chilundu cha biriwita, abambo ankamanga nsalu ya merekani m'chiuno, ndipo ena ankavalabe nyanda yosula kuchokera ku makungwa a mitengo. Pa anthu otere palibe patani yogula. Chofunika ndi kusankha nsalu yathonje yopanda maluwa owala ndi kupeza agogo oti akuonetseni kamangidwe kake. Chitenje chamakono chokhala ndi nkhope kapena mawu chimaononga sewero lonse. Mfumu yachiyao kapena shehe, amene sasowa m'nkhani za dera lino, amafunika mkanjo ndi mzuli, ndipo mkanjo patani yake ndi yowongoka moti telala aliyense wa mumsika wa Zomba angaijambule.

Ngati sewero lanu ndi la zaka za m'ma 1980, kumbukirani lamulo la kavalidwe la mu 1973, limene linkaletsa amayi kuvala thalauza kapena siketi yoonetsa mawondo pagulu.

Mukasankha patani, musathamangire kudula nsalu yeniyeni. Ijambuleni papepala lalikulu lolimba, musiye malo osokapo okwana sentimita imodzi ndi theka, kenaka musoke chovala choyesera ndi nsalu yotsika mtengo kapena shiti yakale ya pabedi. Wosewerayo achivale n'kuchita zonse zimene adzachite pabwalo, monga kugwada, kukweza manja, kuthamanga ndi kugwa pansi, chifukwa chovala chimene chimakhala bwino munthu ataima chikhoza kung'ambika m'khwapa akangonyamula mfuti yamtengo. Pamene pathina, lembanipo ndi choko ndipo mukonze papepala pomwepo. Nsalu yeniyeniyo muichape ndi kuisita musanaidule popeza yathonje imabwerera ikanyowa koyamba, ndipo khaki wa asilikali mumuchape kangapo kuti asaoneke ngati wangochoka m'sitolo. Pomaliza lembani pa patani iliyonse dzina la gawo ndi chaka cha nkhaniyo, muisunge mu envulopu kuti gulu lisadzayambirenso ntchitoyi Januwale wina.