Tayala likaphwa pa pikapu yogula kwa mwini wina: zida zoyenera kukhala nazo ndi mmene mungasinthire

Mapikapu ambiri amene akuyenda m'misewu ya m'Malawi, monga Toyota Hilux, Isuzu KB ndi D-Max, Nissan Hardbody, Ford Ranger ndi Mazda BT-50, anagulidwa atayenda kale kwina. Ena anachokera kunja, ena anagulitsidwa ndi mabungwe kapena makampani atatopa nawo. Wogula amamvetsera injini, amasuzumira mafuta, amayang'ana penti, koma ndi ochepa amene amagwada kuti aone tayala la sipeya lopachikidwa kunsi kwa bodi. Zotsatira zake zimaoneka tsiku limene tayala laphwa pakati pa tchire: jeke alipo koma ndodo yake palibe, sipanala ndi ya galimoto ina, sipeya yakana kutsika. Choncho ntchito yosintha tayala imayambira pakhomo, galimoto ili bwinobwino.

Yesani zida zonse musanayende ulendo

Sankhani tsiku limene muli ndi mpata, ikani galimoto pabwalo, ndipo chitani zonse ngati kuti tayala laphwadi. Pa mapikapu ambiri jeke ndi kachikwama ka zida zimakhala kuseri kapena kunsi kwa mpando wakumbuyo. M'kachikwamako muyenera kupezeka sipanala ya manati ndi ndodo ziwiri kapena zitatu zolumikizana. Ndodozi zili ndi ntchito ziwiri: kupukusa jeke ndi kutsitsa sipeya. Imodzi ikasowa, zotsalazo zimafupika ndipo sizifika pa chopukusira cha sipeya, kachipangizo ka kunsi kwa bodi kamene kamatsitsa ndi kukweza tayalalo.

Lumikizani ndodozo n'kuzilowetsa pa kabowo kamene kali pakati pa bampala yakumbuyo ndi chitseko cha bodi. Nsonga ikagwira, zungulizani chakumanzere. Tayala liyenera kutsika pang'onopang'ono pa tcheni kapena waya mpaka pansi. Pitirizani kuzunguliza kuti tcheni chikhwepe, kokerani tayala kunja, kenako pendeketsani kachitsulo kamene kamaligwira n'kukatulutsa pa bowo lapakati pa rimu.

Apa ndi pamene pamavuta kawirikawiri. Chopukusiracho chimakhala zaka zambiri chikumwa matope ndi madzi a m'dzinja osagwidwa, ndiye chimachita dzimbiri n'kuuma. Chikakana, musachikakamize ndi paipi yaitali chifukwa mudzathyola mano a mkati mwake. Chitsukeni, thirani mafuta osungunula dzimbiri monga WD-40, dikirani mphindi 15, kenako muzipukusa uku ndi uku pang'onopang'ono mpaka chimasuke. Chikamasuka pakani girizi pa tcheni. Ngati ndi cha waya ndipo timawaya tina taduka n'kuyamba kunyanyuka, sinthani chonse: waya wotere amaduka pa msewu wa mabampu, sipeya n'kutsala m'mbuyo inu osadziwa. Onaninso ngati mwini woyamba anaikapo bampala yowotcherera kapena chitsulo chokokera ngolo chimene chatseka kabowo. Mitundu ina ili ndi loko pa kabowoko, ndipo ena amamanga sipeya ndi tcheni ndi loko poopa akuba. Loko wokhala m'matope amauma, ndiye muyeseni ndi kiyi wake lero.

Kodi sipeyayo ndi ya galimoto imeneyi?

Ogulitsa ena amangopachikapo tayala lililonse kuti galimoto ioneke yokwanira. Njira yodziwira ndi imodzi: livekeni pa galimoto, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Kuwerenga mabowo okha sikukwanira. Mapikapu ambiri ali ndi mabowo 6 oyalidwa mozungulira pa bwalo la 139.7 mm m'lifupi, koma bowo lapakati limasiyana: pa Hilux ndi 106 mm, pa Isuzu ndi 100 mm, pa Ranger ndi 93 mm. Rimu ya Ranger kapena ya Isuzu silowa pa habu (chitsulo chimene wilo limamangidwapo) ya Hilux ngakhale mabowo a manati alingane. Nissan Navara D40 ili ndi mabowo 6 koma oyandikana kwambiri, pa 114.3 mm, ndipo Hilux zina zosakoka mawilo onse zili ndi mabowo 5. Rimu yaing'ono, monga ya mainchesi 15, imatha kukhula mabuleki akutsogolo pa galimoto imene inabwera ndi rimu ya 17.

Werengani manambala a m'mbali mwa tayala, monga 205R16C kapena 265/65R17, muone ngati akufanana ndi a matayala anayi enawo. Eni ambiri amakweza galimoto ndi matayala aakulu koma sipeya n'kuisiya yakale. Tayala laling'ono mbali imodzi limavutitsa difu (chipangizo chogawira mphamvu ya injini ku mawilo), ndipo pa galimoto yokoka mawilo onse musalowetse 4H kapena 4L (magiya okokera mawilo onse) pa tala muli ndi matayala osiyana msinkhu.

Onani zaka zake. M'mbali mwa tayala, pafupi ndi zilembo za DOT, pali manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. 2317 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2017. Tayala lopitirira zaka 10 litayeni ngakhale mizere yake ioneke yatsopano, chifukwa labala amauma n'kuchita ming'alu. Loposa zaka 6 liyenera kuonedwa bwino m'mbali ndi pakati pa mizere. Mizere ikatsala 1.6 mm, pamene timizere topingasa ta m'ngalande tafanana ndi pamwamba, tayalalo latha.

Mpweya nawo umachoka wokha pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ngakhale tayala lisagwire ntchito. Popani sipeya kufika pa muyezo wa tayala lakumbuyo galimoto itasenza katundu. Muyezowo walembedwa pa kapepala komata pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Kuphwetsa pang'ono panjira n'kosavuta, koma kupopa kumafuna pampu.

Manati, sipanala ndi jeke

Ikani sipanala pa nati iliyonse ya mawilo onse anayi. Hilux imafuna ya 21 mm, pomwe mapikapu ena amafuna ya 19 mm, ndipo si zachilendo kupeza manati osakaniza pa galimoto yakale. Ngati pali nati imodzi pa wilo lililonse yooneka mosiyana ndi zinzake, imeneyo ndi yoteteza kwa akuba ndipo ili ndi kiyi wakewake. Kiyiyo ngati wogulitsa sanakupatseni, pitani ku galaja akachotse manati oterewa onse anayi. Onaninso pokhalira nati: zina n'zosongoka, zina n'zafulati zokhala ndi washala. Marimu a aluminiyamu ndi achitsulo nthawi zina amafuna manati osiyana, ndiye ngati sipeya yanu ndi yachitsulo, tsimikizani kuti manati omwe alipowo akuigwira bwino.

Masulani nati iliyonse pang'ono n'kuimanganso nokha ndi sipanala. Kumalo ena omangira matayala amamanga ndi mfuti ya mpweya mopitirira muyezo, moti kasipanala ka m'galimoto sikangamasule. Gulani sipanala ya mtanda, kapena sungani paipi ya masentimita 60 yovekera pa chogwirira.

Jeke akhale wonyamula matani 2 kapena 3. Wa galimoto yaing'ono uja wopindika ngati lumo sayenera pa pikapu. Jeke wa mafuta muyeseni pokweza galimoto n'kuisiya mphindi 5: ikamatsika yokha, jekeyo akudontha. Pali msampha wina umene ambiri sauganizira. Tayala likaphwa, ekiselo (chitsulo cholumikiza mawilo a mbali ziwiri) imatsika pafupi ndi nthaka, ndipo jeke wamtali salowa. Wamfupi amalowa koma sakweza kufika poti tayala lopopa livale. Mankhwala ake ndi matabwa awiri okhuthala masentimita 5, otalika ngati masentimita 30. Mukakwezera tayala lophwalo pa thabwa limodzi mpata umapezeka, ndipo linalo limakhala pansi pa jeke kuti asamire mu mchenga. Onjezerani matirayango awiri, tochi, geji yoyezera mpweya, pulayala ndi chiguduli chogonera.

Tayala laphwa muli panjira

Likaphulika muli pa liwiro, gwirani chiwongolero ndi manja awiri, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono ndipo musaponde buleki mwamphamvu. Liwiro likatsika, patukani. Misewu yambiri, kuphatikizapo zigawo zina za M1, ndi yopapatiza ndipo m'mbali mwake munadyeka. Ndi bwino kuyenda mamita angapo ndi tayala lophwa kufuna malo athyathyathya kusiyana ndi kugwada pakhona kapena kuseri kwa chitunda pamene malole sakukuonani.

1. Yatsani mahazadi, kokani handibuleki, zimitsani injini ndipo ikani giya yoyamba, kapena P ngati ndi otomatiki. Onse atsike aime kutali ndi msewu.

2. Ikani tirayango imodzi kumbuyo ndi ina kutsogolo, iliyonse mamita 45 kapena kuposa. Nthambi zimene anthu amathyola n'kuyala mumsewu sizioneka usiku, ndipo mukaziyala muzichotse pochoka.

3. Tsekerani ndi miyala, kutsogolo ndi kumbuyo, wilo loyang'anizana mopingasa ndi lophwalo. Likaphwa lakumbuyo kumanja, tsekerani lakutsogolo kumanzere. Kumbukirani kuti handibuleki imagwira mawilo akumbuyo okha, ndiye mukakweza kumbuyo mwachepetsa mphamvu yake.

4. Ngati mwasenza matumba a chimanga, feteleza kapena simenti, tsitsani ambiri mwa iwo. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu yopanikiza jeke.

5. Tsitsani sipeya galimoto idakali pansi. Kupukusa ndi kukoka tayala kunsi galimoto ili pa jeke kumaigwedeza.

6. Masulani manati theka la kuzungulira kokha, chakumanzere, tayala likadali pansi. Sipanala ilowe mpaka kumapeto kuti isadye makona a nati.

7. Ikani jeke pa thabwa. Kumbuyo amakhala kunsi kwa ekiselo, pafupi ndi pamene masipuling'i amangidwa. Kutsogolo amakhala pa chesisi kapena pamalo amene buku la galimotoyo lasonyeza. Musamuike pa bodi, pa chopondera, pa thanki kapena pa bampala. Njerwa musaziike pansi pa jeke, zimaphwanyika mwadzidzidzi.

8. Kwezani mpaka tayala lichoke pansi ndi mpata wa zala zitatu kapena zinayi, pokumbukira kuti lopopa ndi lalitali kuposa lophwa. Jeke akayamba kupendekeka, tsitsani muyambirenso. Musalowetse mutu, mkono kapena mwendo kunsi kwa galimoto imene yatsamira jeke yekha.

9. Chotsani manati, muwaike m'thumba kapena pa chiguduli kuti asalowe mchenga. Tayala mwachotsalo ligonekeni pansi pa chesisi, kuti jeke akaterereka galimoto igwere pamenepo.

Pa galimoto yakale rimu imatha kumamatira pa habu chifukwa cha dzimbiri. Bwezerani manati awiri osamanga, khalani chofulatira n'kumenya m'mbali mwa tayala ndi chidendene, uku ndi uku. Likakanabe, bwezerani manati onse momasuka pang'ono, tsitsani galimoto, igwedezeni cham'mbali, kenako kwezaninso.

10. Pukutani dothi ndi dzimbiri pa nkhope ya habu. Dothi lotsalira pamenepo limaphwanyika mukuyenda ndipo manati amakhwepa. Tayala la pikapu ndi lolemera, choncho lowetsani sipanala pansi pake n'kulitukula nayo mpaka mabowo alunjike.

11. Yambani nati iliyonse ndi zala. Ikalimba isanazungulire katatu, yalowa mokhota: ibwezeni, apo ayi mudya mazinga. Musapake girizi kapena oyilo pa mabawuti, chifukwa nati imamangika mopitirira ndipo bawuti imatha kuduka.

12. Mangani pang'ono modumphitsa, nati iyi kenako ya kutsidya kwake, kuti rimu ikhale mowongoka. Tsitsani galimoto n'kumalizitsa mwa dongosolo lomwelo. Mapikapu ambiri amafuna pakati pa 100 ndi 140 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira nati), malinga ndi mtundu. Mphamvu ya manja a munthu wamkulu pa sipanala wamba imakwana, kudumphira pa paipi kumatalikitsa mabawuti.

Mukayenda makilomita 50, imani muyesenso manati onse. Tayala lophwalo mukalipachika kunsi, pukusani mpaka lilimbe, kenako likankheni ndi phazi muone ngati silikugwedera.

Kumata: liti n'zotheka, liti ayi

Matayala ambiri a masiku ano alibe chubu. Msomali ukalowa pakati pamene pamaponda msewu ndipo bowo silikuposa 6 mm, mutha kumata ndi timizere ta labala tomwe timagulitsidwa pamodzi ndi zobayira ziwiri. Pezani bowolo ndi madzi a sopo, zulani msomali ndi pulayala, lowetsani chobayira chokhakhala kangapo motsata mmene msomali unalowera, kenako kankhirani kamzere ndi chobayira cha diso mpaka kutsale sentimita imodzi kunja. Zulani chobayiracho osapotoza, dulani zotsala, popani. Kumata kotere n'kokufikitsani kumene mukupita. Kokhalitsa ndi kochotsa tayala pa rimu n'kumata chigamba mkati.

Tayala long'ambika m'mbali, lotupa chotupa, kapena looneka mawaya silimatidwa, ngakhale womata wa pamsika akulonjezeni kuti asoka. M'mbalimo ndi mmene mumapindika tayala likamazungulira, ndipo chigamba chimatomoka galimoto itasenza. Limene mwayenda nalo lophwa mtunda wautali likatsegulidwa mumapezeka ufa wakuda wa labala mkati: ndiye kuti nsalu zake zapsa, ndipo kuikamo chubu sikulibwezera mphamvu.

Likamaphwa pang'onopang'ono koma msomali osaoneka, pakani malovu pa valavu muone ngati pakutuluka thovu, ndipo thirani madzi a sopo mozungulira mlomo wa rimu. Rimu yachitsulo imene yamenya dzenje imapindika pa mlomo n'kumatulutsa mpweya pamenepo. Yachitsulo amaiwongola ndi hamala, koma ya aluminiyamu ikachita mng'alu ndi yosintha.