Mmene mungapezere chomwe chikudya batire la galimoto yanu ya plug-in hybrid ikangoima

Mwaisiya pakhomo milungu iwiri muli kumudzi. Pobwera, kiyi ikukana kutsegula zitseko, mukadina batani palibe chikuyaka, chonsecho munaisiya mutatchaja mpaka kudzaza. Ambiri apa amayamba kudandaula kuti batire lalikulu lija lafa, ndalama zapita. Kawirikawiri si lomwelo ayi.

Galimoto za plug-in hybrid (zoyendera petulo komanso batire lotchajidwa pa magetsi) monga Mitsubishi Outlander PHEV kapena Toyota Prius PHV, zomwe zikubwera zogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, zili ndi mabatire awiri. Lalikulu ndi la lithium, loyendetsa matayala: Outlander ya 2013 ili ndi la 12 kWh, Prius PHV ya 2012 ili ndi la 4.4 kWh. Mukazimitsa galimoto, batire limeneli limadulidwa ku china chilichonse, ndipo moto womwe limataya palokha pa mwezi ndi wochepa kwambiri. Lachiwiri ndi kabatire ka mavolti 12. Aka ndi kamene kamadzutsa makompyuta ndi kulumikiza batire lalikulu. Kakagwa, moto wonse uli m'batire lalikulu umangokhala ngati chimanga m'nkhokwe yopanda khomo. Ndipo kukankha sikuthandiza, galimoto zimenezi sizilira pokankha.

Yambani ndi kuyeza musanagule kanthu. Pezani multimeter, mita yoyezera mavolti, amagetsi a galimoto ambiri ali nayo. Pa Outlander ndi pa Prius PHV yoyambirira kabatire kali kumbuyo m'buti, osati pa injini. Yezani m'mawa galimoto itagona usiku wonse. Mavolti 12.6 ndiye kuti kadzaza, 12.2 kafika pakati, kuchepera 12 kagwa. Lembani nambalayo, muyezenso pakapita masiku atatu osayenda. Kenako iyatseni mpaka chizindikiro cha READY chioneke, muyezenso: mita iyenera kukwera kufika cha m'ma 14. Galimoto izi zilibe alitaneta. Kachipangizo kotchedwa DC-DC converter ndi kamene kamatapa moto ku batire lalikulu kupatsira laling'ono. Ngati nambala siikukwera muli mu READY, vuto lili kumeneko, ndipo batire latsopano lidzagwanso chimodzimodzi.

Chachiwiri, sakani chomwe chikuyamwa moto usiku. Pano mpofunika kudekha. Galimoto yogona bwino siyenera kukoka moto woposa ma milliamp 50 kapena kufupi ndi pamenepo. Zomwe zimaonjezera nthawi zambiri ndi zimene tinachita kuikamo tokha: kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa, kamera ya pagalasi lakutsogolo, alamu, wailesi yomwe inalowa m'malo mwa ya Chijapani ija, ndi kachipangizo kamene ena amasomeka pansi pa chiwongolero kuti aziona za batire pa foni. Zulani chimodzichimodzi, usiku uliwonse chimodzi, n'kumayeza m'mawa. Mukapita kwa wamagetsi, muuzeni ayeze moto womwe ukukokedwa, koma adikire kaye theka la ola atakhoma zitseko kuti makompyuta agone. Akayeza msanga amapeza nambala yaikulu n'kuyamba kudula mawaya osalakwa. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa galimoto imabwerako ndi matenda omwe inalibe.

Kiyi nayo musaikoleke pakhoma loyandikana ndi pomwe galimoto yaima. Ziwirizi zimangoyankhulana usiku wonse, galimoto osagona. Ikani kuchipinda cha kutali.

Chachitatu, chotsani nthambo yotchajira batire likadzaza. Zikuoneka ngati zosemphana, koma pa mitundu ina, kuphatikizapo Prius PHV, nthambo ikangokhala yosomeka masiku ambiri makompyuta amakhala maso n'kumadya kabatire kakang'ono kaja. Komwe magetsi amazimazima zimanyanya, poti akabwera galimoto imadzukanso. Onaninso ngati mwini wake woyamba sanasiye nthawi yoti galimoto iziziyatsira yokha mpweya woziziritsa kapena wotenthetsa. Ku Japan nyengo yozizira amachita zimenezi, ndipo izi ndiye zimadyadi batire lalikulu. Zolembedwa zake zikakhala m'Chijapani, jambulani ndi foni mumasulire.

Chachinayi n'chokhudza batire lalikulu lenilenilo. Mukadziwa kuti galimoto ikhala mwezi kapena kuposerapo, musaisiye yodzaza kwambiri kapena yopanda kanthu, isiyeni cha pakatikati. Lithium imakalamba msanga ikakhala yodzaza pamalo otentha. Kwa a ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, mu Okutobala ndi Novembala mthunzi ndi wofunika kuposa china chilichonse chomwe mungagule. Ngati kamzere kamodzi pa geji ya batire katsika m'mawa mutayenda ulendo wautali dzulo lake, musade nkhawa, kompyuta yangowerengeranso batire litazizira. Koma likamatsika kwambiri sabata ndi sabata mutazimitsa zonse tanenazi, pitani kwa amene ali ndi makina owerengera ma cell, timabatire ting'onoting'ono ta mkati mwa batirelo, limodzilimodzi. Mawaya a olenji musawakhudze, muli mavolti mazanamazana opha munthu.

Chachisanu, galimoto ikamakhalitsa, muziiyatsa kamodzi pa sabata. Giya ikhale pa P, READY ayake, muisiye choncho ola lathunthu wailesi ndi nyali zili zozima. Kungodina batani osaponda buleki sikutchaja kanthu, kumangomaliza kabatire. Chitani izi panja, osati m'galaji yotseka, chifukwa injini ikhoza kulira yokha ndipo utsi wake umapha mwakachetechete. Ngati palibe woti aziiyatsa, masulani nthambo ya kumbali ya minus pa kabatire kakang'ono kaja, koma siyani njira yotsegulira buti popeza loko wake amadalira magetsi omwewo.

Ikakhala kuti yagwa kale, mukhoza kuijampa. Pansi pa boneti, m'kabokosi ka mafyuzi, muli pokolekera nthambo yofiira. Yakuda ikoleni pa chitsulo cha injini. Onetsetsani kawiri musanagunditse, chifukwa kusinthanitsa nthambo kumaotcha zipangizo zodula kuposa batirelo kutalitali. READY akayaka chotsani nthambo, muisiye ola limodzi. Inuyo musamajampire galimoto za anzanu ndi galimoto imeneyi, kabatire kake n'kochepa mphamvu. Ndipo ngati kagwa kawiri katatu, kapena kadakali komwe kanabwera nako pa sitima zaka zisanu zapitazo, kasintheni ndi ka mtundu womwewo, kokhala ndi kapaipi kotulutsira mpweya kunja poti kamakhala mkati momwe mumakhala anthu.