Mmene Mungayambire Kuwerenga Baibulo Mozama

Ngati mukuyamba kumene, musathamangire ku Chivumbulutso. Yambani ndi Uthenga Wabwino wa Marko, umene uli ndi machaputala 16 okha, ndipo muziwerenga chaputala chimodzi patsiku mutayamba mwapemphera. Khalani ndi kope pambali kuti muzilemba amene akulankhula, amene akuuzidwa, ndiponso chimene chinachititsa kuti mawuwo anenedwe.

Chenjerani ndi chizolowezi chotola vesi limodzi n'kuiwala anzake, pakuti manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi Robert Estienne mu 1551, osati ndi atumwi. Ambiri amakonda Afilipi 4:13, koma mukabwerera pa vesi 12 mupeza kuti Paulo, ali m'ndende, ankanena za kukhutitsidwa pokhuta ndi pa njala pomwe.