Momwe mungaitanitsire chakudya ku lesitilanti yapamwamba ya Chitaliyana ku Lilongwe

Yambani ndi foni. Lachisanu ndi Loweruka madzulo malo otere amadzaza msanga, choncho imbani masana musungitse tebulo. Funsiranitu ngati amalandira khadi, Airtel Money kapena Mpamba. Suti si yofunika, malaya aukhondo ndi nsapato zabwino zakwana.

Mukakhala pansi, nkhani yagona pa menyu. Kwathu nsima ndi ndiwo zimafika limodzi, koma Ataliyana amadya motsatizana, ndipo menyu yawo imalembedwa choncho. Pamwamba pali antipasti, tizakudya toyambira monga bruschetta, buledi wowotcha woika tomato ndi adyo. Kenako primi, ndiye pasta ndi risotto, chakudya cha mpunga. Secondi ndi nyama kapena nsomba. Apa ndi pomwe ambiri amagwa nayo: secondi kawirikawiri imabwera yokha, kanyama pakati pa mbale yaikulu basi. Mbatatesi kapena masamba zili pa contorni, zoitanitsa padera ndi mtengo wakenso. Funsani woperekera zakudya kuti, "Achimwene, imeneyi ikubwera ndi chiyani?" Palibe chamanyazi.

Musadzikakamize kudya magawo onse. Anthu awiri mutha kugawana antipasto imodzi, aliyense n'kutenga pasta yake, mudzatuluka mutakhuta.

Ngati simudya nkhumba, tcherani khutu pa mawu awa: prosciutto, pancetta ndi guanciale. Pasta ya carbonara imaoneka yosalakwa, koma muli mazira, tchizi ndi nyama ya nkhumba. Carpaccio ndi nyama ya ng'ombe yaiwisi yodulidwa mopyapyala, ndipo sanaiwale kuiphika ayi. Okonda tsabola, pasta ya arrabbiata ndi yanu, ngakhale ozolowera kambuzi angoimva ngati kunong'ona. Amene akuopa zachilendo atenge pizza Margherita ya ku Naples: tomato, tchizi cha mozzarella ndi masamba a basil, palibe chodabwitsa.

Pasta ikafika yolimbirako pang'ono pakati poluma, musaibweze kukhitchini. Amaitcha al dente, ndipo ndi mmene iyenera kukhalira. Spaghetti simudula ndi mpeni. Bayani tizingwe titatu kapena tinayi ndi foloko m'mbali mwa mbale, zungulizani mpaka tikulungane, ndiye mukweze. Mukatapa zambiri mudzapeza chimtolo chosalowa m'kamwa, sosi ali pamalaya. Pa pasta ya nsomba Ataliyana sawazapo tchizi, koma mbale ndi yanu.

Vinyo itanitsani wa pa galasi, ndipo mumve mtengo asanatsegule botolo. Ine ndimati madzi ndi okwanira, ndalamayo ipite ku tiramisu, chotsekemera chomalizira chopangidwa ndi khofi ndi tchizi cha mascarpone. Ena amathiramo mowa pang'ono, ndiye osamwa afunse kaye.

Bilu simabwera yokha, muiitanitse. Onani ngati VAT inali kale pamitengo ya pa menyu, komanso ngati aikamo kale ya operekera zakudya. Ngati mulibe, msiyireni kangachepe m'manja amene wakutumikirani, osaiwalanso alonda oyang'anira galimoto panja.