Galimoto ikamazima yokha, musathamangire kugula pampu ya petulo

Corolla yanga ndi ya 1996, injini yake 5A-FE, ija ya ma injekita opopera petulo mu injini osati kabyuleta. Yandidyetsa nsima zaka zambiri, koma tsiku lina mu Okutobala inandichititsa manyazi pachitunda cha Chowe, apongozi ali kumbuyo, tikupita ku Namwera. Inangojejema kamodzi n'kuzima zii. Titausa pamthunzi kwa mphindi ngati 20, ndinaliza n'kulira ngati palibe chachitika. Makaniko wina pa Boma ku Mangochi, boneti osatsegula n'komwe, anangoti, "Bwana, pampu yatha imeneyo." Ndinagula. Sabata isanathe inazimanso pa Makawa, dzuwa lili paliwombo.

Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi funso limodzi: kodi ikuzima nthawi yanji? Yankho lake limakuuzani kolowera.

Ngati imathamanga bwinobwino pamsewu wa ku Liwonde, koma mukangochotsa phazi pamoto kuti kabaza adutse pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi n'kuzima, kawirikawiri vuto ndi mpweya. Injini ikamalira galimoto itaima, mpweya umadutsira pa kavalavu kakang'ono kamene kali pa throttle body, khosi lolowera mpweya mu injini. Fumbi lathu lino likasakanizana ndi nthunzi ya oyilo limapanga phula lakuda lomwe limatseka njirayo. Masulani paipi yaikulu yochokera ku filita ya mpweya, muyang'ane pakhosipo. Mukaona mwaye, tsukani ndi mankhwala opopera a carb cleaner ndi kansalu, osapala ndi chitsulo. Kenako gwirani timapaipi tonse tarabala tozungulira injini, kamodzikamodzi, mukupinda. Kutentha kwa kuno kumatiumitsa mpaka kung'aluka kunsi komwe maso safika. Injini ikulira, tcherani khutu: mukamva kuti tsiii ngati njoka, pamenepo ndiye pakulowa mpweya wakuba, umene ukusokoneza muyezo wa petulo.

Ngati m'malo mwake imafooka pokwera chitunda kapena mukaponda moto kwambiri, n'kumatsamwa, kudzuka, kutsamwanso isanazime, ndiye kuti ikumva ludzu. Apa ndi pomwe pampu ingakhale ndi mlandu, komabe filita ya petulo ndiyo yoyamba kuikayikira, ndipo ndi yotchipa. Dzifunseni kuti munasintha liti. Ambiri mwa ife sitikumbuka.

Koma ikamazima mwadzidzidzi ngati wina wathimitsa ndi kiyi, itatentha, n'kudzalira ikazizira, ganizani za moto wa mapulagi. Vuto langa linali limeneli. Pa injini zimenezi koyilo, imene imapanga moto wa mapulagi, imakhala m'kati mwa distributor yogawa motowo, pamalo otentha, ndipo ikakalamba imachita mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. Ikatentha, moto umathawira pamng'alupo. Muyenera kuyesa pomwepo yazimirapo, isanazizire, chifukwa mukafika nayo kugalaja idzakhala ikulira bwino n'kukusandutsani wabodza. Yendani ndi pulagi yapadera. Zulani waya wa pulagi imodzi, lowetsanimo yapaderayo, igonekeni pachitsulo cha injini, mnzanu alize. Musaigwire ndi manja, imamenya. Moto wabuluu wothetheka ukaoneka, mbali imeneyo ili bwino. Pakapanda moto, tsekani chikwama chanu pa nkhani ya pampu.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ma Toyota akale amenewa amadziulula okha popanda makina. Mu boneti muli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, ndipo kunsi kwa chivindikiro chake kuli mayina a mabowo. Tengani kawaya kafupi mulumikize TE1 ndi E1. Werengani bwino musanalowetse, kuphonya bowo kungawononge zinthu. Tembenuzani kiyi kuti magetsi a pa dashboard ayake koma osaliza injini, phazi kutali ndi moto. Kanyali kojambulidwa injini kayamba kuphethira. Kakamaphethira mosalekeza mofanana, kompyuta ilibe dandaulo. Kakaphethira kawiri, kupuma pang'ono, n'kuphethiranso kawiri, ndiye 22: sensa ya kutentha kwa madzi. 12 ndi chizindikiro cha kuzungulira kwa injini chochokera mu distributor, 14 ndi mbali ya moto wa mapulagi, 21 ndi sensa ya utsi, 31 ndi sensa yoyeza mpweya wolowa, ndipo 41 ndi sensa ya pa throttle. Nambala sikutanthauza kuti sensayo yafa. Nthawi zambiri ndi waya wosupuka kapena soketi yobiriwira ndi dzimbiri, ndipo kunyumba kwanga anali makoswe amene anatafuna waya pofuna zotsalira za usipa zomwe ndinanyamula. Dziwaninso kuti filita yotsekeka kapena pampu yofooka sizipereka nambala. Galimoto zatsopanoko, ngati Sienta ndi Probox, zili ndi soketi ya mabowo 16 kunsi kwa chiwongolero, ndipo zimenezo pitani nazo kwa amene ali ndi makina owerengera.

M'kabokosi komweko ndi momwe mumayesera pampu. Ma Toyota ambiri a nthawi imeneyo sayatsa pampu mukangotembenuza kiyi, amadikira injini iyambe kuzungulira, choncho kusamva kulira kwake sikutanthauza kuti yafa. Lumikizani +B ndi FP, tembenuzani kiyi, tsegulani chotsekera thanki muikepo khutu. Mukamva kung'ung'udza, ikuyenda. Ikalira ndi kawayako koma n'kumakana popanda iko pamene mukuliza injini, kayikirani relay, kaswitchi koyatsa pampu, kapena mawaya ake. Kulira kokha si umboni wa mphamvu. Pamafunika geji yoyezera mphamvu ya petulo, ndipo iyenera kuonetsa pafupifupi 3 bar. Makaniko amene alibe geji akungolosera, ngakhale alankhule motsimikiza chotani.

Pa zonse zofuna kumasula mapaipi a petulo, chonde, injini izizire kaye, chotsani waya wa nekativu pa batire, phimbani polumikizira ndi sanza musanamasule chifukwa mumakhala mphamvu yoti n'kukuthirani m'maso. Osuta fodya ndi mbaula akhale kutali.

Ma injekita enieniwo anthu amawanamizira kwambiri. Kuwayesa n'kosavuta: injini ikulira, gunditsani nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injekita, chogwirira pakhutu. Yamoyo imamveka kuti tetete mosadukiza. Onse anayi amveke mofanana. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, iliyonse ionetse ma ohm apakati pa 13 ndi 15 injini itazizira. Imodzi ikafa galimoto imanjenjemera n'kuchepa mphamvu, koma si kawirikawiri kuti izimiretu. Galimoto ikamatulutsa utsi wakuda, mapulagi ali bii ndi mwaye, petulo akununkha komanso kutha msanga, ndiye kuti ikumwa mopitirira. Zulani kapaipi kampweya ka pa regulator yowongolera mphamvu ya petulo, kumapeto kwa chitsulo chodyetsa ma injekita; mukapezamo petulo, regulator yabooka. Mukapeza mouma, bwererani kwa sensa ya madzi ija. Ikanama kuti injini idakali yozizira, kompyuta imangothira petulo wambiri mpaka injini kutsamwa. Pa mita imaonetsa ma ohm 2,000 mpaka 3,000 ikazizira, n'kutsika kufika cha m'ma 300 ikatentha.

Ndisaiwale petulo wa m'zigubu. Mafuta akasowa tonse tagulako pamseu, sindinama. Vuto likayamba tsiku lomwe mwathira, tulutsani pang'ono m'botolo loyera, muliimike pansi. Madzi ndi olemera kuposa petulo, amakhala pansi n'kuoneka mzere wake. Mukawaona, khuthulani thanki yonse musinthe filita. Komanso chizolowezi chathu chothira wa malita awiri n'kumayenda nyali ya thanki ikuyaka chimapha pampu, chifukwa ili m'kati mwa thanki ndipo petulo yemweyo ndi amene amaiziziritsa.

Mukakonza, zulani fyuzi yolembedwa EFI kwa masekondi oposa 10 kuti nambala zakale zifufutike, kenako kaiyeseni pomwe inkazimira, nthawi yomweyo. Ine nditasintha koyilo ndinabwerera pa Chowe masana, magalasi otsegula, mtima uli m'mwamba mpaka pamwamba pa chitunda. Pampu yakale ija, yosalakwa kanthu, ikadali m'katoni kuseri kwa chitseko.